"Mwakodza Bwanji?" wa a Filomena

M'mawa uliwonse a Filomena ankagugudiza makapu awiri a madzi ali chiimire pakhonde, kenako n'kuyamba moni wawo uja. Anthu onse kuno ku Kasina amati "Mwadzuka bwanji?" Iwo ayi. Iwo ankati, "Mwakodza bwanji?" Mokweza, mpaka okumba mbatata kudimba n'kuweramuka!

Zinayamba mwana wawo wa ku Joni atawatumizira timapiritsi tofiira topangidwa ndi zipatso zakunja, akuti timateteza chikhodzodzo. Basitu, mayi aja anasanduka dokotala wa mikodzo. Timapiritsito ankatimanga pansonga ya chitenje, pamodzi ndi kolona.

Ngakhale a Gerevazio, akatekisi athu, sanapulumuke.

"Mwakodza bwanji, akatekisi?"

"Mayi, tili patchalitchi pano!"

"Nanga chikhodzodzo mwachisiya kunyumba?"

Ine ndinkawathawa, poti manyazi ndiye anga. Koma ndili ndi pakati pa Dennis, mkodzo unayamba kundiwotcha ngati tsabola. Sindinauze munthu, ngakhale bambo akunyumba. A Filomena anandigwirira pamjigo.

"Iwe Sungeni, wakodza bwanji?"

"Bwinobwino, amayi."

"Bodza! Njira ya kuchimbudzi kwanu wayiponda mpaka udzu wafa."

Ndinawanong'oneza kuti andigawireko tofiira tija, nkhani ithere pomwepo. Anandigwira pamphumi, n'kundidina m'chiuno. Ndinakuwa.

"Toto!" anakana a Filomena. "Timapiritsi tangati n'talonda, timaima pakhomo. Wakuba akalowa kale m'nyumba, timaitana apolisi."

Anaimitsa kabaza, mpaka kuchipatala. Pamzere pali anthu tho, iwo n'kulengeza: "Patukani, mwanayu akukodza moto!" Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma anamwino anati matenda anali atayamba kukwera ku impso, ndikanachedwa mimba ikanakhala pangozi. Lero Dennis akuthamangitsa nkhuku za eni.

A Filomena anatisiya m'nyengo yozizira yapitayi. Pamjigo tsopano ndi "Mwadzuka bwanji, ndadzuka bwino," aliyense n'kusenza ndowa yake ndi matenda ake. Nthawi zina ndimaona mtsikana akuyenda mopanikiza miyendo, funso lija limafika pakhosi, n'kubwerera.

Tsiku lawo lomaliza a Filomena ndinakawaona. Mawu anali atachepa, anangoloza ndowa.

"Madzi, Sungeni. Udzadze."

Ndinathamanga, n'kuwafikitsira kapu pakamwa. Anapukusa mutu.

"Ine ulendo wangawu sufuna madzi. Imwa iweyo, ndikuone."