Tsiku limene ndinathyola tiyi wa eni ake

Kuno ku Thyolo kuli anthu amene akandiona amayamba kuseka ndisanapereke n'komwe moni. Sindiwaimba mlandu, chifukwa zimene ndinachita nanenso zimandisokonezabe mutu.

Ndinachoka kwathu ku Thekerani mvula itangoyamba, nditalumbira pamaso pa apongozi anga kuti sindibwerera mpaka nditalembedwa ntchito pa esiteti ya tiyi. (Pakamwa panga pamathamanga kuposa miyendo, ndi matenda anga akale.) Anatipatsa sabata imodzi yoyeserera. Kapitawo wathu, a Namakhwa, ananeneratu kuti Loweruka asankha otsala, enawo azikalima chimanga kwawo.

Lolemba ndinathyola ngati ndikuthyola nkhwani: tsamba likakhala lalikulu, m'dengu. Langa linadzaza anzanga asanafike ndi pakati pomwe, ine kunyada. A Namakhwa anapisamo dzanja, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, zimenezi amwa ndani? Masamba awiri ndi kansonga, basi. Zinazi kapatseni mbuzi."

Lachiwiri ndinaphunzira za kansongako, koma ndinasiya maenje pamwamba pa tiyi, pamene pamafunika kukhala posalala ngati thebulo. Lachitatu anandikalipira chifukwa choyang'anayang'ana mmene anzanga akuchitira. "Wothyola tiyi sadzutsa mutu," anatero. Mawuwo ndinawagwira ndi manja awiri.

Lachisanu kunacha ndi nkhungu yoti munthu ali pomwepa koma ukungomumva mawu. Cha m'ma eyiti ndinapatuka kupita kuthengo (musandifunse zambiri). Pobwerera ndinawoloka kamtsinje kamene sindimakumbukira kuti ndinakawoloka popita. Ndinaima pang'ono. Koma kutsogoloku kunali tiyi, ndiye ndinati tiyi ndi tiyi, n'kuweramira pomwepo.

Nyimbo za anzanga zinayamba kumveka patali. Ndinati andisiya, ndilimbikire. Kenako ndinagunda nthochi pakati pa mzere. Ndinadabwa, koma ndinaganiza kuti mwina mabwana nawonso amakonda nthochi. Patsogolo pake panali nandolo. Kenako nkhuku ndi anapiye ake inandidutsa m'miyendo. Apa mtima unandiuza kuti dzutsa mutu, ine n'kuukaniza. Loweruka linali mawa, ndipo ndinkaopa kwambiri kukwera minibasi ya ku Thekerani ndi manyazi anga.

Nkhungu itayamba kupepuka ndinaona nsapato za jombo, ndipo pamwamba pake panali bambo wachikulire atakhala pa chitsa, akundiyang'anitsitsa.

"Pitirizani, mayi, ine musandione," anatero. "Mzerewo watsala pang'ono."

Ndinati ameneyu ndi bwana wamkulu, wabwera kudzationa mwakachetechete. Abale, ndinathyola! Zala zikuwawa, msana ukulira, koma ndinamaliza mzerewo n'kuyamba wina, n'kuyambanso wina. Bamboyo ankangogwedeza mutu mokhutira.

Ndiye kunamveka mawu a mayi kumtunda: "Bambo a Esnati, mlendoyo adya nafe chinangwa?"

Ndinadzutsa mutu. Panali nyumba ya malata, khola la nkhunda, zovala pa chingwe. Esiteti inali tsidya lija, anzanga akuoneka ngati nyerere.

"Kodi kuno n'kuti?"

"Kwanga, mayi. Mundawu ndi wanga. Msana wandigwira sabata yonse, ndimangopemphera kuti tiyiyu asakhwimire mumtengo. Lero ndadzuka, ndapeza inu."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Iii, munthu akugwira bwino ntchito umamusokoneza?"

Ndinafuna kulira, ndinafuna kutukwana, koma anali munthu wamkulu. Tiyi anali wawo, choncho ndinakhuthula dengu lonse pa mkeka. Chinangwacho ndinadya, osanama, misozi ili m'maso.

Bamboyo anaumirira kundiperekeza, akutsimphina, atatapako masamba ndinathyola aja odzaza chipewa. Tinapeza anthu ali pamzere wa sikelo, ine dengu lili lopanda kanthu. A Namakhwa anali atandiwerengera kale m'gulu la othawa ntchito. Bamboyo anafotokoza zonse mokweza, mwina kuti ndi a kumapeto amve, ndipo mzere wonse unagwa nako kuseka. Kenako anapereka chipewa chija.

A Namakhwa anatembenuza masambawo limodzilimodzi. Sanapezemo lokhwima ngakhale limodzi.

"Ndiye kuti kuthyola mumatha," anatero pang'onopang'ono. "Chimene simudziwa ndi kumene muli."

Loweruka dzina langa linatchulidwa pomalizira penipeni, ine nditayamba kale kumanga kathumba kanga. Ntchito ndinaipeza, koma ndi lamulo lakuti kukachita nkhungu ndizikhala pakati pa amayi awiri, wina kumanja wina kumanzere. Mpaka lero ndikati ndipite kuthengo, mmodzi amandiperekeza.

Amati khama limapindula, ndipo n'zoona. Kungoti langa linayamba lapindulira bambo a Esnati.