Ng'ombe za asebele ndi munthu wa ku Jeremani

Lolemba

Ng'ombe za asebele zalowanso m'chimanga changa. Kachitatu! Mizere isanu yapita. Koma asebele sungawakalipire pamaso, mwana wanga anakwatiwa pakhomo pawo. Nde ndaganiza: ndilemba pa gulu la pafoni la anthu a kuno kwa Manyamula, koma mosatchula dzina langa. Amve manyazi, ine ndikhale woyera.

Lachiwiri

Njinga mpaka ku boma. Matako atha. Mayi wokonza mafoni wandiikira chinthu chotchedwa vipieni. Akuti, "Adada, apa foni yanu ikuoneka ngati ili ku Jeremani." Ine Jeremani! Ngakhale ku Luwawa ndinafika kamodzi kokha. Wandipangiranso dzina labodza: Munthu Wodandaula. Yewo chomene.

Lachitatu

Netiweki m'nyumba mulibe. Imagwira pa chulu cha m'mbali mwa msewu basi. Ndi vipieni uyu foni ikuyenda ngati ngolo m'matope. Ndaima pa chulu kuyambira mame mpaka dzuwa pamutu. Andipatsa moni:
azimayi opita kuchigayo
wogulitsa tomato
abusa, kawiri, popita ndi pobwerera.
Uthenga wapita: "Anthu ena mangani ng'ombe zanu, ukulu si ndevu." Ndaikapo ndi chithunzi cha chimanga chodyedwacho.

Lachinayi

Mayankho mbwee! Wina akuti, "Pepani a Shaba." Shaba ndine! Adziwa bwanji? Mkazi wanga anyaMoyo wayang'ana chithunzi, waseka mpaka kukhala pansi. Pachithunzipo pali mthunzi wanga, ndi chipewa changa cha ku Joni chopindika mbali imodzi. Akuti, "Komanso mawu a ndevuwo mumanena pa maliro alionse." Bandulo yatha. Vipieni amadya kuposa ng'ombe.

Lachisanu

Ndakweranso chulu kukakonza zinthu. Ndalemba: "Ine si Shaba, ndili ku Jeremani." Wina wayankha pompo: "Tikukuonani adada, samalani mungagwe." Nditatembenuka, ndi wa pagolosale ya kutsidya kwa msewu, akundibayibitsa. Madzulo mwana wanga waimba: "Adada, kuno apongozi sakuyankhula." Ndikaphwanya banja la mwana chifukwa cha mizere isanu?

Loweruka

M'mawa ndikuona munthu pa chulu changa. Jekete la khaki, ndodo kukhwapa, foni m'mwamba. Asebele! Aima pamenepo ola lathunthu. Masana pagulu patuluka uthenga wa wina wodzitcha Munthu Wodandaulanso: "Mnzathu wa ku Jeremani, ng'ombe zamva. Koma mbuzi zanu zitatu zamaliza nyemba za anthu ena kudimba. Ukulu si chipewa." Mbuzi zitatuzo ndi zanga, zoona. Imodzi yabwera ndi tsamba kukamwa.

Lamulungu

Kutchalitchi takhala benchi imodzi. "Mwauka uli, asebele?" "Tauka makora, kwali imwe?" Za ng'ombe ayi, za mbuzi ayi. Potuluka angondinong'oneza: "Chinthu chija chimathadi bandulo." Ndati, "Chomene." Mwana waimba, akuti kunyumba anthu ayambanso kuseka. Ng'ombe zili m'khola, mbuzi ndamanga pa mtengo wa mango. Vipieni ndachotsa, ndabwerako ku Jeremani. Chingwe cha mbuzi andibwereka asebele. Mbwenu.