Chitseko cha Zena, Chitseko cha Awa

Inu, mwamuna wamitala akamadzitama kuti pakhomo pake palibe nsanje, muzingomuyang'ana. Che Jaffalie a ku Mpondasi ankatero tsiku ndi tsiku pabawo. Anali ndi akazi awiri mumpanda umodzi, Zena wamkulu ndi Awa wamng'ono, ndipo ankati iwo ndi sikelo yoyenda ndi miyendo. Zitenje ankagula ziwiri zofanana. Nsomba ankaziyeza ndi chikhatho kuti ina isapose inzake. Masiku atatu kwa Zena, atatu kwa Awa, Lachinayi n'kumati akukaona za bizinesi ku Makokola.

Ndiye chaka chatha anabwera kuchokera ku Joni ndi chifiliji cha zitseko ziwiri zogundizana, chotalika kuposa mwini wake. Anachiimika pabalaza, n'kuitana akazi onse.

"Chakumanzere n'cha mayi aakulu, chakumanja n'cha mayi aang'ono. Chilungamo chochokera ku fakitale chimenechi!"

"Nanga changa chachepa bwanji?" anafunsa Zena, atayeza kale ndi maso.

"Chanucho n'chaukali, mayi. Tsabola sakula."

Kabuku kofotokoza kagwiritsidwe kake sanakatsegule n'komwe. Unali mwezi wa Okutobala, ndiye ankangodzikupizira nako mphepo.

Pasanathe sabata, Awa anabwera ndi kapu m'manja. "Bambo, taonani. Madzi a akuluwa akuuma gwa ngati mwala. Anga angozizira mwaulemu. Mwandipatsa chitseko chakufa."

Che Jaffalie anapotokola kabatani mpaka kumapeto. Kutacha, tomato wa Awa anali atauma moti akanaswa galasi, mazira ataphulika, mpiru utasanduka nsanza. Awa analira. Zena anaseka, koma kuseka kwake sikunakhalitse, chifukwa tsiku lomwelo polongedza kampango wake, anamva kamphepo kakudutsa padzanja. Atasuzumira anapeza kabowo pamwamba pakhoma lapakati, mphepo yozizira ikuthawira kwa Awa.

Tamverani, Zena sanauze munthu. Mayi uja anangoti mumtima, "Mwamuna tigawane, ndi kuzizira komwe?" Anatenga sokosi ya Che Jaffalie, kuikulunga mujumbo, n'kutseka kabowoko ndi mpini wa chipande.

Mbali ya Awa inayamba kufunda. Thobwa linasasa. Nyama ya mbuzi imene anasungira mayi ake inayamba kupereka moni kwa aliyense wolowa pabalaza.

"Bambo," anatero Awa atamanga chitenje m'chiuno, "mayi anga akubwera Lachisanu kuchokera ku Malindi. Akapeza chitseko changa chikutentha, cha akuluwa chikuchita utsi wozizira, ndikwera nawo galimoto yomweyo. Sindinabwere kudzasunga kabati ine."

Apa Che Jaffalie anachita mantha enieni. Ankamukonda Awa, komanso ankaopa pabawo, poti sikelo ikathawidwa ndi mkazi anthu amaseka mpaka kugwetsa nkhomo za bawo.

"Tiitane Jacqueline," anatero Zena mosalakwa, ngati si iye. Jacqueline ndi mayi amene amakonza mafiliji m'mahotela a ku Makokola, ndipo za zitseko ziwirizi amazidziwa yekha dera lonselo.

"Ayi! Ameneyo ayi!" Che Jaffalie anakuwa mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. "Mwamuna ndilipo, filiji ya ku Joni igwiridwe ndi mkazi?"

Chifukwa chenicheni muchimva, dekhani.

M'malo mwake anakafunsa Che Sulemani, mnzawo wa pabawo, munthu amene kwawo kulibe ndi magetsi omwe koma sasowa yankho.

"Kuzizira kuli ngati madzi, achimwene," anatero Che Sulemani akutakata. "Kumatsetsereka. Kwezani mbali ya mayi aakulu, kutsikire kwa aang'ono."

Bambo aja anabwerera, kukweza chifiliji chija mpaka msana kulira, n'kulowetsa njerwa ziwiri pansi pa mbali ya Zena. Filiji inapendekeka ngati bwato lodzaza mbali imodzi. Chitseko cha Awa chinayamba kudzitsegukira chokha. Ukachitseka, icho pang'onopang'ono, ng'aa! Madzi anayenderera pasimenti. Che Jaffalie pothamangira kukachigwira anaterereka, miyendo m'mwamba, kofia uko, mkanjo kumutu, mbale ya nyama yonunkha ija n'kuwatsatira pachifuwa.

"Pepani bambo," anatero akazi onse awiri, wina atayang'ana kudenga, wina pansi.

Lachitatu anachotsa njerwa. Filiji ija anaisuntha pakhoma n'kupeza kumbuyo kwake fumbi, ulusi wa akangaude ndi chisa cha khoswe. Anasesa, anapukuta, anaimenya mbama ziwiri m'nthiti, anailankhula m'Chiyao, kenako m'Chizulu poganiza kuti mwina imamva cha kwawo. Mbali ya Zena inazizira kuposa kale. Ya Awa, ukanatha kufungatiramo mazira n'kuswa anapiye.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachinayi m'mawa, Che Jaffalie akupukuta nsapato za ulendo wa ku Makokola, njinga yamoto inaima pageti. Awa anali ataimba yekha foni. Jacqueline anatsika ndi chikwama cha zida, ndipo bambo aja anatuluka thukuta ngakhale m'makutu.

"Mwadzuka bwanji mayi, ine ndine Jaffalie," anatero mofulumira, akutsinzinira diso limodzi.

"Mwalowa kanthu m'diso, bambo?" anafunsa Jacqueline, n'kudutsa.

Anamvetsera injini, anagwira mphira wa m'mbali mwa zitseko, anatulutsa kampango wa Zena amene anadzaza mpaka kudenga. Kenako anapisa dzanja pakabowo kaja n'kusolola jumbo. M'jumbomo munatuluka sokosi.

"Ya ndani iyi?"

"Yanga," anatero Che Jaffalie mwaulesi. "Ndakhala ndikuifuna."

Awa anatembenukira kwa Zena, maso ali psuu. Zena sanaphethire. "Kuzizira n'kwanga. Kumapangidwa kwanga."

"Apo mwanena zoona, mayi," anatero Jacqueline. "Filiji iyi injini yake ndi imodzi. Kuzizira kumapangidwa kumanzere kokha, kumanja kumangolandira kudzera pakabowoka. Mukatseka, uku kufunda, uko injini ivutika mpaka kupsa. Si mafiliji awiri ayi. Nyama ndi nsomba za nonse kumanzere, masamba ndi thobwa la nonse kumanja. Musadzaze mpaka kutseka mphepo, kumbuyoku muzisesa, ndipo njerwa ndi zomangira nyumba."

"Ndiye ine ndimadya zotsala za akuluwa?" anatero Awa.

"Ine n'kumagwirira ntchito anthu awiri m'kachipinda kopanikiza?" anatero Zena.

Onse anayang'ana sikelo ija. Sikelo inali kuyang'ana sokosi.

Zikanathera pomwepo, bwenzi Che Jaffalie atapulumuka ndi mabala ochepa. Koma Jacqueline, akumanga chikwama panjinga, anaponya mawu mwachifundo chabe.

"Musadandaule bambo, iyi ndi yabwino kuposa ija munagulira mayi a ku Makokola. Paja mphira uja ndinaika mwezi watha ukugwira? Muwauze asamatsegule pafupipafupi."



"Mayi a kuti?" anafunsa Zena mwaulemu woopsa.

"Ya zitseko zingati?" anafunsa Awa.

"Chimodzi," anayankha Jacqueline, atazindikira mochedwa kuti waponda pachilonda. "Koma ndi yawoyawo." Analiza njinga osatsanzika.

Lachisanu mayi ake a Awa anafika n'kulandiridwa ndi thobwa lozizira mpaka mano kuwawa. Anawapatsira ndi Zena, akuwatchula kuti amayi. Awa sanakwere galimoto ija. Zogwirira za zitseko ziwiri zija n'zoyandikana, ndiye akaziwo anazimanga ndi tcheni chimodzi n'kuikapo loko. Makiyi anali awiri, wina pakhosi pa Zena, wina pakhosi pa Awa. Zena anapereka masiku ake atatu kwa Awa, Awa anawabweza mwaulemu, ndipo pokana onse, mphasa ya Che Jaffalie inapezeka pakhonde pafupi ndi mtsuko. Ku Makokola nakonso, mayi aja atamva kuti anzawo ali ndi ya zitseko ziwiri, anamutsekera chitseko chawo chimodzicho. Paja akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu?

Pabawo Che Sulemani anafunsa, "Zinatheka achimwene? Njerwa zija zinathandiza?"

Che Jaffalie anameza madzi ofunda a m'botolo lawo, n'kupukuta pakamwa.

"Filiji ikuyenda bwino zedi," anatero. "Mbali zonse ziwiri zikugwirizana."