Mpweya Unathera pa Mwambo

Anzanga, tisanabwerere m'kalasimo kukalandira satifiketi yachinayi, tamvani zomwe ndalota usiku wathawu.

Ndinalota tsiku lafika loti ife odziperekafe titsikire pansi pa nyanja, kukaona sitima yakale yomwe akhala akutiphunzitsa pa bolodi milungu itatu ija. Chomwe ndinalembetsera ine mukuchidziwa. Agogo anga a Fulatiyele ankasonkha moto m'sitimayo, ndipo anamira nayo atasiya mkazi ali ndi pakati. Mwana wa m'mimbayo ndi amayi anga. Ndiye m'malotomo amayi akundimangirira botolo la mpweya kumsana ngati akundibereketsa khanda, n'kumati, "Gelesomu, ukawapeza bambo anga ukangowauza kuti mwana uja anali wamkazi. Basi."

Botolo lija linatsokomola. "Achimwene, ine ndili ndi mphindi makumi anayi. Mukazidyera nkhani, musandinene."

Ndiye tatsika. Kufika pansi, ndikuona tenti, mipando yapulasitiki, ndi chinsalu cholembedwa mutu wa chaka chino. Sitima ili poteropo, yagona chammbali ngati ng'ombe yodwala, koma aitchingira ndi kansalu koti mlendo wolemekezeka adule. Mwadzidzidzi mkulu wa maphunziro athu uja, Bambo Nthondo, wasanduka mvuu, tayi ili m'khosi, akugawa maudindo.

"Oyeza ndi tepi, uku. Ojambula pa sileti, uku. Omata manambala, uku."

Kutsogolera osambira anawapatsa Mayi Nyamasoka, amene amaopa ndi madzi a m'beseni omwe, poti ali ndi digiri. Kamera a Nthondo anapatsa mlamu wawo. Ine amene ndakulira kumira pansi kukamasula maukonde okodwa, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Inu mugwira ambulera ya mlendo wolemekezeka."

"Bwana, pansi pa madzi?"

"Ndi udindo waukulu, bambo. Angavumbwe."

Mlendoyo anachedwa, monga mwa nthawi zonse. Atafika, tinaona kuti ndi ng'ona yovala suti, ikuyasamula. Ndiye pemphero. Ndiye kudziwana, aliyense dzina lake, kumene wachokera, ndi zomwe akuyembekezera pa tsikuli. Ndiye mvuu inaimirira kulemekeza amene alipo, amene palibe, ndi amene akanakhalapo akanaitanidwa. Ng'ona nayo inati siilankhula zambiri, ndipo inatulutsa mapepala khumi ndi awiri. Mtima wanga unkawira, koma ambulera ndinaigwira mowongoka.

"Zatsala khumi," botolo linandinong'oneza. "Ndipo chithunzi cha gulu sitinajambulitse."

Apo ndinaisiya ambulera ija, inakwera yokha kumwamba. Ndinakwawa kuseri kwa tenti n'kulowa m'sitima kudzera pa chibowo cha m'mbali. M'katimo zinthu zonse zinali ndi manambala, zikudandaula. Ketulo inandikoka mwendo.

"Akhala akundiyeza kuyambira Lolemba, mlomo, chogwirira, matako. Koma wondifunsa amene ankamwa tiyi wanga, ng'o!"

Tepi yoyezera inkandilondola pambuyo ikukuwa, "Osakhudza kanthu! Lamulo loyamba, osakhudza kanthu!"

Mwadzidzidzi ndili m'chipinda cha injini. Moto ukuyaka m'madzi momwemo, ndipo mnyamata wina wopanda malaya akuthira malasha ndi fosholo. Mphuno yake inali ya amayi yeniyeni. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka makumi awiri, ndipo pa khutu anamumata kapepala kolembedwa kuti Chinthu 62. Anzanga, ndinafuna kulira.

"Ndinu a kampani?" anandifunsa. "Mwabwera kudzandilandira? Shifiti iyi yatalikatu."

Ndinagwada, pakuti munthu wamkulu sumulankhula chiimire. "Agogo, ndine mdzukulu wanu."

Fosholo inagwa. Anandigwira phewa ndi dzanja lakuda bii ndi malasha.

"Mdzukulu? Ndiye kuti mkazi wanga Nasiwelo anachira bwino? Tandiuza, mwana wanji?"

Nditi nditsegule pakamwa, mutu wa mvuu uwu pa windo, gulu lonse lili pambuyo pake ndi masileti.

"Bambo Gelesomu! Kulankhula ndi zinthu zakale ndi gawo lachitatu. Inu muli ndi pepala la gawo loyamba. Ngati muli ndi mfundo, kwezani dzanja, mudzere kwa wapampando."

Tsono apa ndiye pamene pakundipweteka mpaka pano. Palibe amene ananditseka pakamwa. Mawu ake anali amodzi okha, ali pa lilime. Koma ine, mwamuna wa ndevu zanga, wophunzitsidwa bwino milungu itatu, ndinakweza dzanja.

Mvuu inayang'ana uku ndi uku, inandidumpha, n'kuloza mlamu wake kuti apereke mawu othokoza. Mlamuyo anayamba ndi kuthokoza amene anabwereketsa mipando. Agogo akundiyang'anabe, maso ali tong'o, akudikira.

"Pepani achimwene," linatero botolo. "Ine ndaweruka."

Ndadzidzimuka kutacha, dzanja lili m'mwamba, amayi akusesa pabwalo, tsache likungoti tswee, tswee.