Mimba ya Mbatatesi ku Lifidzi

Mpaka lero ku Lifidzi kuli amayi ena amene akandiona amayamba kundiyang'ana pamimba asanandipatse moni. Sindiwaimba mlandu. Ndinadziputira ndekha.

Chaka chimenecho thupi linali litandipandukira. Ndinkanenepa ndisakudya zambiri, ndinkazizidwa ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo pophunzitsa (ndine profesora wa ana ang'onoang'ono ku Ulongwe) ndinkayasamula kuposa anawo. Adotolo a ku Tete anati chithokomiro changa, kanthu ka pakhosi apa, chachita ulesi. Anandipatsa kam'bulu koyera koti ndizimwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, kenako n'kudikira kaye ndisanadye. Pambuyo pake mtima unayambanso kuthamanga wokha popanda wondithamangitsa, manja n'kumanjenjemera, mantha osadziwika kochokera. Adotolo anawonjezera m'bulu wachiwiri, wotsitsa nkhawa, nandichenjeza kuti poyamba udzandipatsa nseru.

Wa chithokomirowo sindinkachita nawo manyazi. Koma winayo ayi. Kwathu kuno ukangoti ukumwa mankhwala a maganizo, nkhani ikamafika kumsika imakhala yakuti aprofesora mutu wazungulira. Ngakhale bambo a ana anga, amene amayendetsa kamiyao, galimoto yaikulu ya katundu, ku Tete, sindinawauze.

Sukulu itatseka nthawi yozizira ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Lifidzi kwa apongozi anga, aNangozo, kukawathandiza kukumba mbatatesi kudimba. Anali mayi wamfupi, wamaso akuthwa, woti nkhuku ikati ikaikire kwa eni iwo adziwa kale. Mibulu yanga ndinaibisa m'kabotolo ka mafuta odzola, ndipo m'mawa uliwonse ndinkazembera kuseri kwa khola la mbuzi ndi kapu yamadzi.

"Amake Lusiya, tiyi wapsa," ankatero pondiitana.

"Ndimwa kenaka, amayi. M'mimba simunadzuke."

Anangoti "oo," koma "oo" wake anali wautali.

Kenaka nseru ija inafika monga anaineneratu adotolo. Tsiku lina akukazinga matemba, fungo litangondipeza ndinathamangira kuseri kwa khola lomwe lija. Nditatembenuka ndinawapeza ataima ndi madzi m'chikho, akumwetulira ngati munthu watola kanthu panjira.

Kuyambira tsikulo zinthu zinasintha. Khasu anandilanda. Ndowa anandiletsa kusenza. Mazira anasiya kufika m'mbale mwanga, tsabola anabisidwa, ndipo ndikaima pakhomo ankanditsogoza kuti ndilowe kapena ndituluke. Tsono apa ndi pamene pali manyazi anga: ndinazindikira msanga chimene ankaganiza (ndabereka atatu, miyamboyi ndimaidziwa), koma ndinakhala chete. Ndinadziuza kuti ndiwafotokozera mawa. Kunena zoona, kukhala pamphasa ukuwothera dzuwa, utafunda bulangete la apongozi, akukubweretsera mbatatesi yootcha yosendasenda, n'kokoma. Chiyambire kukwatiwa panalibe amene anandisamalapo chotero. Ndinkadya, ndipo mimba inkaonekadi kuti ikukula.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, amayi a kwaya anandizungulira. Panalibe amene anatchula kanthu, poti zotere sazitchula, koma aliyense ankandigwira dzanja ndi manja awiri. Wina anandinong'oneza kuti, "Mulungu sachedwa, ngakhale kumadzulo amagwetsa mvula." (Lusiya, mwana wanga woyamba, anali atatsala pang'ono kumaliza sekondale, muone msinkhu wanga pamenepo.) Titafika kunyumba ndinaona apongozi akuluka kachipewa ka ubweya, kakang'ono ngati ka lalanje. Mawa lija ndinalikankhiranso kutsogolo.

Ndiye foni inalira. Anali bambo a Lusiya.

"Kodi nkhani zanga ndizimva kwa amayi?"

"Nkhani zanji?"

"Akuti ndibwere ndi beseni latsopano ndi makapulana oberekera mwana. Ine ndaima pano pa lozha pogulira zinthuzo, sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndikhale pansi."

Ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula. Inalibe vuto lililonse.

M'mawa mwake, ndisanapeze polowera nkhaniyo, apongozi anabwera ndi mlendo: aNaphiri, azamba akale a m'mudzimo, amene analandira theka la anthu a kumeneko, kuphatikizapo mwamuna wanga. Anandigoneka pamphasa kuchipinda. ANaphiri anatenthetsa manja awo m'khwapa, nayamba kusinika, uku ndi uku, pamwamba ndi pansi, nkhope ili yolimba. Apongozi anali atagwada pambali atagwira kachipewa kaja.

ANaphiri anapukuta manja pachitenje chawo.

"ANangozo, muno mulibe munthu. Muno muli mbatatesi zokhazokha."

Ndinadzuka, ndinatenga kabotolo kaja m'chikwama, ndinakhuthulira mibulu yonse padzanja, ndipo ndinafotokoza zonse misozi ili chuchuchu. Uwu ndi wa pakhosi. Uwu ndi wa nkhawa, wa mtima wothamanga, ndiwo ukundisanzitsa. Ndinabisa poopa kuti muziti mpongozi wanu wapenga.

ANaphiri anatsanzika mwaulemu, ngakhale mapewa awo ankagwedera potuluka. Ine ndinadikira mkwiyo. Apongozi anatenga kam'bulu ka nkhawa kaja, nakayang'ana nthawi yaitali pafupi ndi zenera.

"Mtimawo umathamanga bwanji?" anandifunsa.

"Ngati kukubwera chinthu choopsa, amayi, koma osachiona."

"Ndipo manja amazizira, pakhosi pamauma."

Ndinawayang'ana. Iwo anapitiriza mosakweza mawu.

"Titathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo, ine zinandiyamba. Titabwerera kuno nkhondo itatha, sizinathe. Galimoto ikaphulitsa utsi kumsewu, ndinkakabisala m'chimanga, mwana ali kumsana. Ndinkati ndi ufiti, mwina ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Sindinauzepo munthu, ngakhale malemu apongozi anu aamuna." Anandibwezera kam'buluko. "Kani chilombochi chili ndi mankhwala ake. Mukanandiuza tsiku loyamba, bwenzi ndikukutungirani ndekha madzi omwera."

Ndinalira koposa poyamba. Iwo anandisisita pamsana pang'ono, kenaka anaimirira.

"Koma kwa amayi a kwaya mukanena nokha. Ine ndinawauza kale kuti mwanayo ndi wamwamuna."

Ndinakanenadi, Lamlungu lotsatira, kuseri kwa tchalitchi. Za chithokomiro ndinafotokoza bwino, mpaka kuwalozera pakhosi. Pofika pa m'bulu wachiwiri lilime linalemera, ndipo apongozi ndi amene anamaliza: "Winawo ndi wa mtima wothamanga. Amene sanaumvepo aseke." Palibe anaseka. Awiri anandifunsa pambali kuti adotolowo amapezeka tsiku liti.

Bambo a Lusiya anafika ndi beseni lawo, poti anali atagula kale. Tinatsukiramo mbatatesi. Khasu linabwerera m'manja mwanga tsiku lomwelo, ndipo apongozi anandipatsa mizere yaitali kuposa yawo, akuti ndibweze zimene mwana uja anadya.

ANangozo anatisiya zaka zingapo zapitazo. Nyengo yozizira ikafika ndimawasowa kwambiri, makamaka m'mawa ndikamadikira kuti nthawi ya tiyi ikwane. Mibulu yonse iwiri ndikumwabe, ndipo tsopano imakhala poyera pa tebulo. Ndinaphunzira kuti chobisa chimabereka mwana wake amene sunamufune. Komabe ndisakunamizeni: aNangozo atadzuka lero n'kundiyesanso woyembekezera, ndikuganiza kuti ndingadikire kaye sabata imodzi ndisanawauze zoona.