Dalaivala wa Basi Yoyenda

Nkhani iyi ndimafuna ndipite nayo kumanda, koma poti mayi a Tamanda ayamba kale kuifotokozera mlendo aliyense, ndipo akumathiramo mchere wawo, bola ndiinene ndekha. Ndi yochititsa manyazi, choncho sekani mwaulemu.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku Doha. Mayina awiriwa amasiyana chilembo chimodzi chokha, koma moyo wake ndi wotalikirana. Ku Dowa ndinkayenda wapansi. Ku Doha ndimachoka pampando wa m'nyumba, kukhala pampando wa galimoto, kukatsikira pampando wa kuntchito. Mimba itaona mtendere umenewu inayamba kutukuka.

Pakamwa pokha ndi pamene sipanafooke. Mwana wanga Tamanda akangoti watopa tikuzungulira mu mall, ndinkamuyambira ulaliki: "Inu ana a masiku ano! Ife tinkadzuka kusanache, kuwoloka mtsinje, kukwera phiri, opanda nsapato, n'kukafika kusukulu belu lisanalire!" Mtsinjewo unkakula chaka ndi chaka, koma mwana ankakhulupirira.

Tamanda anali atangoyamba kumene sukulu yatsopano kufupi ndi kwathu ku Al Waab, ndipo anali asanapeze mnzake ndi mmodzi yemwe. Ankabwera kunyumba ali duu, ndipo zinkandipweteka mtima. Tsiku lina anabwera akuthamanga.

"Adadi! Kusukulu akufuna driver wa walking bus! Akapanda kupezeka kholo la mu compound mwathu muno, ana a muno sitikhala nawo. Ndawauza kuti inuyo mungathe!"

Apa ndi pamene Chichewa chinandipereka. Mutu wanga unamasulira msangamsanga: basi yoyenda. Kwathu ukamagula galimoto umayamba wafunsa ngati ndi yoyenda, chifukwa zina zimakhala zili pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Ndinangoti sukulu yaulemu iyi, ikuneneratu kuti basi yawo ndi yamoyo.

Ndinaimbira foni amene ankayendetsa nkhaniyi, Mayi Zulu, aphunzitsi a masewero ochokera ku Zambia.

"Mayi, ndine bambo ake a Tamanda. Basi ija ndaitenga ine."

"Zikomo maningi, ba Mwale! Makolo ambiri akuthawa."

"Ndi automatic kapena manual?"

Anaseka. "Manual, ba Mwale. Manual yeniyeni!"

"Nanga licence? Yanga ndi ya galimoto yaing'ono."

"Sifunika licence iyi. Bola miyendo yolimba."

Ndinagwedeza mutu. Clutch ya basi imafunadi mwendo wamphamvu.

"AC ikugwira?"

"AC yake ni ya Mulungu. Ni chifukwa tayambira miyezi yozizira ino."

"Mafuta athira ndani?"

"Imwe mungodya breakfast yabwino!"

Ndinatseka foni ndikuti mayi awa ndi anthabwala. Iwonso, ndinamva pambuyo pake, ankauza anzawo kuti bambo a ku Malawi aja ndi oseketsa kwambiri.

Sabata yonse ndinakonzekera. Ndinaonera mavidiyo a momwe amabwezera basi m'mbuyo. Ndinalengeza pa gulu la WhatsApp la a Malawi kuti wofuna lift anene msanga. Mayi a Tamanda, amene ndi namwino ndipo akhala akulimbana ndi mimba yangayi kwa zaka, ankangondiyang'ana.

"Mwawerenga bwinobwino uthenga umene a kusukulu atumiza pa foni, bambo a Tamanda?"

"Mayi, ine ndi munthu wa ma report. Ndikaona mutu wa nkhani ndadziwa zonse."

"Chabwino, a driver."

Lamlungu m'mawa, poti kuno sabata imayamba Lamlungu, ndinavala suti, tayi, magalasi akuda, ndi nsapato zatsopano zosongoka zimene ndinkasungira ukwati wa mphwanga. Pageti la compound ndinapeza ana ali ndi zipewa, zikwama ndi mabotolo a madzi: Amwenye, a ku Sudan, a ku Philippines, a ku Egypt. Mayi Zulu anandipatsa chovala chachikasu chonyezimira ndi kambendera.

"Makiyi?" ndinatero, nditatambasula dzanja.

"Makiyi a chani?"

"A basi. Yaima kuti?"

Analoza ana aja, amene anali atafola awiriawiri. "Basi ni iyi. Imwe kutsogolo, ine kumbuyo monga conductor. Tiyenda mpaka kusukulu. Basi!"

Ndinayang'ana kumanzere, ndinayang'ana kumanja, mwina tayala lingaoneke penapake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za meeting yadzidzidzi, koma ndinamva mawu a Tamanda kumbuyo kwanga akuuza anzake m'Chingerezi kuti bambo ake ankawoloka mtsinje ndi kukwera phiri tsiku lililonse. Ana onse anandiyang'ana mwaulemu waukulu. Nkhope ya mwana wanga inali ikuwala, koyamba chiyambireni sukulu imeneyo.

Ndikanathawira kuti? Ndinakweza kambendera.

Poyamba zinayenda. Ndinafika poitanira ngati pa depoti ya ku Lilongwe: "Sukulu! Sukulu! Wotsala atsale!" Ana anasangalala. Koma tisanamalize n'komwe mpanda wa compound yathu, nsapato zija zinayamba kundiluma. Chovala chachikasu chinakana kutseka pamimba, chinkangouluka m'mbali. Thukuta linayamba m'khosi n'kutsetsereka ndi msana. AC ya Mulungu inalipo, koma sinkafika m'kati mwa suti.

Mwamwayi Mayi Zulu anali atanena kuti dalaivala aziona malo ofunika kukonzedwa m'njira, kuti sukulu ikapemphe kwa oyang'anira dera. Ndinagwira pomwepo.

"Imani! Pano palibe mthunzi. Pakufunika mtengo." Ndinapuma.

Titayenda pang'ono: "Imani! Njira ya oyenda pansi yathera pano. Taonani, mwana angalowe mumsewu." Izi zinali zoona, koma ndinapumanso.

Patsogolo pang'ono: "Imani! Pano pakufunika benchi."

"Muli na diso, ba Mwale!" anafuula Mayi Zulu kumbuyo. "Koma ma benchi mwapempha maningi. Tichedwa!"

Sukulu itayamba kuonekera, njira inakwera pang'ono. Sindinganene kuti chinali chitunda. Ku Dowa mbuzi siingadziwe n'komwe kuti yakwera. Koma injini yanga inatsokomola, inanjenjemera, n'kuzima. Ndinakhala pansi m'mbali mwa njira, kambendera pamiyendo, ndikupuma ngati ng'ombe ya pangolo.

"Uncle, yalla!" anatero kamnyamata kena, kutanthauza kuti tiyeni.

Kamtsikana ka Chimwenye kanandipatsa botolo lake la madzi, la zithunzi za agulugufe. Ndinamwa, manyazi ndinaika pambali. Galimoto yaikulu yoyera inaima, bambo wovala mkanjo woyera anatsitsa galasi n'kufunsa ngati aitane ambulansi. Ndinakana ndi manja onse awiri.

Kenako ndinamva mwana wina akufunsa Tamanda kuti, "Kodi si awa ankakwera phiri?"

Ndinamuyang'ana mwana wanga. Misozi inali pafupi. Kunena zoona, chimenecho chinandiwawa kuposa nsapato. Ndinayesa kudzuka, mawondo anakana.

Mwadzidzidzi nkhope yake inasintha. Anakumbukira tchuthi chathu kumudzi, tsiku limene minibasi inatifera pa Mponela.

"Adadi, imirirani kaye. Ikani mu second."

"Chiyani?"

"Ingoimirirani!"

Anatembenukira anzake n'kuwafotokozera kuti kwathu basi ikazima, okwera sadandaula, amatsika n'kuikankha. Mayi Zulu anandikoka dzanja uku akuseka mpaka misozi. Ndisanadziwe chimene chikuchitika, timanja tambirimbiri tinali pamsana panga.

"Kankha!" anafuula Tamanda.

"Kankaaa!" anayankha ana a mitundu yonse. "Yalla! Kankaaa!"

Anthu inu, ndinayenda. Ndinafika mpaka pothamanga, tayi ili paphewa, kambendera m'mwamba, kamnyamata kaja kakulira ngati injini kumbuyo kwanga. Tinalowa pageti la sukulu choncho, makolo ali m'magalimoto awo akujambula ndi mafoni, alonda agwira pamimba.

Ahedi, mayi wamtali wa magalasi, anatuluka ali ndi nkhawa n'kufunsa ngati dalaivala ali bwino. Anayankha ndi Tamanda, mokweza, atazunguliridwa ndi anzake atsopano amene ankalimbirana kumugwira dzanja:

"Musadandaule, madam. Basi ndi yabwinobwino, kungoti ndi ya ku Malawi. Siilira popanda kukankha!"

Belu litalira, ana analowa m'makalasi akuimbabe "kanka, kanka." Ndinatsala ndi Mayi Zulu pageti.

"Mayi, nanga pobwerera? Galimoto yanga ili kunyumba."

"Basi ibwerera ku depoti yeka, ba Mwale. Ma passenger atsika. Ndipo mailo m'mawa musachedwe, ana akana driver wina."

Ndinafika kunyumba nsapato zili m'manja. Mayi a Tamanda anali pakhomo ndi beseni la madzi ofunda, atalikonza kale.

"Ndiye kuti munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, a driver," anatero akuika beseni pansi. "Koma galimoto ikakhalitsa pa njerwa sumaifunsa maganizo. Umangoipezera okankha."

Abale anga, musanavomere kuyendetsa basi ya eni, yambani mwawerenga matayala.