Tsiku limene ndinatcheza chanzi

Senderani kuno, ndipo amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu, chifukwa sindibwereza. Ine amene mukundiona ndi bulauzi yoyera ya amayi a mpingoyi ndinatsala pang'ono kuivula, ndipo amene anandipulumutsa ndi munthu woti sindinkamuyankha ndi moni womwe.

Zinayamba ndi Tiwonge, mdzukulu wanga wophunzira za mankhwala ku Mzuzu. Atabwera kutchuthi anandipeza ndikuyanika chanzi, kachitsamba konunkhira kaja timawiritsa tikamva chimfine.

“Agogo, mukudziwa kuti m'masambamu muli mafuta?” anatero. “Kusukulu timawaphika, nthunzi n'kudutsa m'paipi yozizira, mbwenu mafuta n'kumadontha. M'dontho limodzi muli zinthu zambirimbiri, china chilichonse ndi dzina lake. Tikadonthezera m'kambale ka tizilombo toyambitsa matenda, pozungulira ponse pamayera. Kumayiko akunja ali ndi kachitsamba kawo, thayimu, kamachitanso chimodzimodzi.”

Anawonjezera kuti m'kambale si m'thupi la munthu, koma pamenepo ine makutu ndinali nditatseka kale. Nthunzi, paipi, madontho? Kumeneko n'kutcheza kachasu, ntchito imene mayi anga anatilera nayo. (Ana amapita kutali kukaphunzira zimene tinasiya kuseri kwa khola.) Madala, amuna anga, linyetsu linali litawadya zala zakumapazi, moti akavula nsapato nkhuku zinkasamuka pakhonde. Ndinati ndiwachiritsa ndine.

Tiwonge atangokwera basi, ndinapita kwa NyaShaba, mnansi wanga wotcheza kachasu.

“Ndibwerekeni mbiya, paipi ndi kabwato kothiramo madzi kaja.”

“Amama, mwayamba liti?”

“Ndi za mankhwala.”

“Yewo. Nanenso wanga ndimati mankhwala.”

Ndikanapita nazo kudimba. Koma ine, poti mtima unali woyera, ndinaziyala pabwalo penipeni, moyang'ana msewu wopita ku Embangweni. Ndinadzaza mbiya ndi chanzi, kumata pakamwa pake ndi dothi, kusonkha moto, botolo kunsi kwa paipi. Manja anakumbukira okha, osaphonya kanthu. Ndinayamba ndi kuimba komwe.

Dzuwa lisanafike pamutu, a Gondwe anatulukira. Amenewa ndi chidakwa cha m'mudzi mwathu, paipi ya NyaShaba amaidziwa kuposa nkhope ya mkazi wawo. Anakhala pampando wa madala, chipewa pabondo.

“Mutu wa kachasuyu ukatuluka ndiyambe ndine, amama.”

“Chokani, si mowa uwu.”

“Ndidikira.”

Anabwera anzawo awiri, nawonso n'kukhala. Ndiye taganizani: ine chogwada, ndagwira botolo, amuna atatu andandalika ngati ali pasikelo. Pamenepo mpamene belu la njinga linalira. A Nyirenda, mkulu wa mpingo, ankabweretsa uthenga woti Lachinayi ndidzatsogolere mapemphero a amayi.

Sanatsike njinga. Anangoponda phazi limodzi pansi.

“Amama, zaka zonsezi?”

“Adada, ndi chanzi ichi. Lawani nokha.”

“Ndilawe? Nanga chikakhala chimene ndikuganizacho, ndiye kuti tachimwa awiri.”

Uthenga uja anabwerera nawo. Mmalo mwake kunabwera wina: Loweruka ndikaonekere pamaso pa akulu a mpingo, bulauzi ndipite nayo m'manja, osati pathupi.

A Nyirenda atapita, a Gondwe anatola botolo lija n'kupapira osafunsa. Maso anatuzuka, misozi mbwee, analavula mpaka pankhuni. Ananditukwana kuti ndaononga paipi ya anthu, n'kuchoka akupukuta lilime ndi chipewa.

Loweruka ndinafotokoza zonse, za mafuta, za tizilombo, za kambale. Akulu ankangoyang'ana pansi. Mmodzi anafunsa ngati pali amene analawa. Ndinatchula dzina la a Gondwe.

Anawatumira mthenga, ndipo anabwera atavala jekete, mwina ankayesa kuli maliro. Anaima pakati pa tchalitchi mmene sanalowemo chibatizidwire.

“Mabwana, ine ndamwa kachasu kuyambira ku Jenda mpaka ku Chikangawa. Wopsereza ndamwa, wosukuluka ndamwa. Zimene anaphika amamawa si mowa, ndipo asadzayesenso. Masiku atatu chilichonse chimene ndadya chikukoma chanzi.”

Abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. A Nyirenda anati umboni wa katswiri sautsutsa. Anandiuza ndivale bulauzi yanga, koma ndileke kubwereka ziwiya kwa anthu amene sindingayende nawo masana.

Mafuta? Mbiya yonse ija inatulutsa timadontho toyandama pamwamba pa madzi, tosadzaza ndi kasupuni ka tiyi. Madala nditawapaka, anavina pakhonde ngati aponda makala, mawa lake n'kupita okha kuchipatala, kumene anawapatsa mankhwala opaka n'kuchira. Tiwonge atamva pafoni anaseka mpaka kutsamwa, kenaka anafunsa kuti moto ndinausonkha bwanji, n'kulemba. NyaShaba anagula paipi ina, chifukwa makasitomala ankadandaula kuti kachasu akununkha chimfine. A Nyirenda tikakumana amayamba ayang'ana m'manja mwanga.

Koma a Gondwe ndiwo mtanda wanga. Akandiona pamsika ku Mzimba, anthu ali piringupiringu, amavula chipewa n'kukuwa kuti, “Amama, ine ndi inu tidziwana.” Ndipo ine ndimayankha kuti yewo chomene, ndi ulemu wonse. Ndingatani, mboni yanga ndi yomweyo.